Kumbuyo kwa Chithunzi cha Bambo Anga

Pakhoma la nyumba yanga panakhala nkhope ya munthu wogulitsa mbuzi kuyambira mvula yoyamba mpaka chimanga kucha, ine ndikuuza aliyense wolowa kuti awa ndi bambo anga. Mpaka lero ndikakumbuka, mutu umanditentha. Koma ndiyambe poyambira, chifukwa ndikayamba ndi kukalipa simumvapo kanthu.

Bambo anga sindinawadziwe. Ankadulira tiyi ku esiteti, ife tikukhala m'malaini a kampani. Ndisanayambe n'kuvala kabudula komwe, anawoloka malire kubwerera kwawo ku Milange, osabweranso. Amayi ukawafunsa ankangoti pita ukatunge madzi. Chithunzi chawo m'nyumba munalibe. M'malaini muja tinachotsedwa poti wantchito wake anali atapita, sukulu ndinaisiya ndisanafike patali, ndipo chilichonse chikandivuta ndinkatukwana bambo. Tayala likaphulika ndili ndi matumba a nandolo panjinga pamalire pa Muloza, ndinkatukwana bambo. Koma kutukwana munthu wopanda nkhope n'kotopetsa. Sudziwa koyang'ana.

Wachibale wawo amene anatsala kuno anali mmodzi, azakhali. Kwawo anabadwa awiri okha, iwo ndi bambo. Ankagulitsa nsomba zouma pamsika wa Milonde, mayi wa mawu aakulu, ukaima kuchigayo unkawamva akukangana ndi kasitomala. Atadwala matenda awo omaliza ndinapita kukawaona. Ndinawapeza atagona pamphasa pakhonde, mawu aja atatha.

"Iwe," anatero, "bambo ako anabweratu."

"Liti?"

"Chaka chija unali kuphiri."

Pali chaka china ndinagwira ganyu ku Chambe, pamwamba pa phiri la Mulanje, kulambula njira zotchinga moto, ndipo chilimwe chonse sindinatsike. Nditatsika ndinapeza atamanga shedi yatsopano ya nsomba pamsika. Chaka chake ndi chimenecho.

"Ankafuna chiyani?"

"Chithunzi cha bilyeti, chiphaso cha kwawoko. Akuti kwawoko wojambula anali atatseka. Ndinapita nawo kwa madala ojambula aja pamsika. Anagona kuno n'kubwerera. Mvula yotsatira tinamva kuti amwalira."

"Ndiye inu osandiuza zaka zonsezi?"

"Ukanawamenya."

"Ndikanawamenyadi."

"Ndiye ukufunsiranji."

"Anafunsa za ine?"

Azakhali anayamba kutsokomola. Chifuwa chija chinatenga nthawi, chitatha anapempha madzi, ndipo funso langa linathera pomwepo. Posakhalitsa tinawaika m'manda.

Musaganize kuti ndinagwidwa chisoni cha bambo. Ayi. Ndinangofuna kuona nkhope yake munthuyo. Amayi anapita kale, azakhali apita, panalibenso wina aliyense kuno amene akanandiuza kuti ankaoneka bwanji. Chotsala chinali chithunzi chimenecho basi.

Situdiyo yake ndi kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi wogulitsa feteleza. Kukhoma kuli nsalu yojambulidwa nyumba zosanja za m'tauni, ndipo pamsomali pali jekete limodzi lakuda. Mwamuna aliyense wofuna chithunzi cha chiphaso amavala jekete limenelo, kaya ndi wonenepa kaya ndi wowonda. Inenso ndinalivalapo pofuna chiphaso cha ganyu ya kuphiri ija. Limanunkha thukuta la boma lonse la Mulanje.

Mwini wake ndi madala amene akhala akujambula kuyambira nthawi ya mafilimu. Maso awo tsopano achita ng'ala. Ndinawauza dzina la bambo, anapukusa mutu.

"Mayina sindisunga m'mutu, achimwene. Zonse zili mu kompyuta umu. Koma amene amaidziwa ndi mwana wanga wamkazi, ndiye ali m'chikuta, wabereka dzana."

"Ndiye ndidikire mpaka mwanayo ayambe kuyenda?"

"Musapse mtima. Chaka mukuchidziwa?"

Ndinawauza za shedi ya nsomba. Anati chaka chimenecho akuchikumbuka bwino, chifukwa fumbi la simenti linawaonongera nsalu. Ndiye anandiuza kuti ndikagule fulashi, andiikire foda yonse ya chaka chimenecho, ndikasake ndekha kunyumba. Chimenecho chokha ndiye ankachitha pa kompyutapo, kukoka foda ndi mausi n'kuiponya mu fulashi, nkhope itatsala pang'ono kugunda sikirini.

"Nanga ndikawadziwa bwanji, poti nkhopeyo sindiidziwa?"

"Kumbuyo," anatero madala. "Chithunzi chilichonse chili ndi malembo kumbuyo. Kale ndinkalemba ndi pensulo. Pano ndimangonena, mwana wanga n'kumalemba mu kompyutamo. Mukatsegula mukawerenga."

Ine kompyuta ndilibe. Ndinapita nayo fulashi ija pa Muloza kwa mkulu wina wandevu amene amaikira anthu nyimbo m'mamemori. Anailowetsa, sikirini yonse inadzaza nkhope. Maukwati, makanda, amayi amvano, anyamata ataima ngati oimba. Ndi amuna a jekete lakuda, ambirimbiri, aliyense ali ndi nambala pansi pake, dzina palibe.

"Tatembenuzani chimodzi," ndinatero.

"Nditembenuze chiyani?"

"Chithunzicho. Ndiwerenge kumbuyo."

Mkulu uja anaseka mpaka anthu osintha ndalama panja anasuzumira. Anachizunguliza chithunzi mutu pansi miyendo m'mwamba, n'kundifunsa ngati ndakhutira. Ndinamuuza kuti akasekanso ndimudyetsa mausi yakeyo. Anasiya kuseka, ndipo kunena zoona anafufuza ndithu. Anatsegula apa, anatsegula apo. Anapeza kukula kwa chithunzi ndi mtundu wa kamera. Dzina la munthu panalibe, mudzi panalibe.

"Madala akunamizani, bwana. Chithunzi cha mu kompyuta chilibe kumbuyo."

Ndinamukhulupirira. Ndinati madala aja ukalamba wawasokoneza. Ndiye mawa lake ndinabwera ndi akazi anga, tinakhala pabenchi pamenepo, n'kuyamba kusankha bambo.

Akazi anga anati njira yake ndi makutu. Ine makutu anga ndi otambalala, kusukulu ankanditcha mayina chifukwa cha makutu amenewa, ndipo amayi anga anali ndi timakutu tating'ono.

"Ndiye munawatenga kuti? Kwa bambo basi," anatero. "Tiyeni tiziyang'ana makutu."

Achinyamata tinkangowadumpha. Madala aliyense wa jekete tinkamuimitsa, akazi anga n'kuyang'ana sikirini, n'kuyang'ana ine, n'kundigwira chibwano kunditembenuza ngati akugula nkhuku.

"Uyu ayi, mphuno yapyapyala. Uyu maso ake ndi aulemu, sangakhale wa kwanu. Uyu ndiye ngati wathawa kuchipatala, tapitirizani."

Dzuwa likupendeka tinamupeza. Munthu wamkulu thupi, jekete litamuthina m'mapewa, makutu ngati anga enieni, nkhope yolusa ngati wojambulayo wamulakwira. Wandevu uja anayang'ana n'kunena kuti apa palibenso zokambirana. Akazi anga anagwira pakamwa. Ine ndinati ndi ameneyu basi.

Ndinakachitsukitsa chachikulu, ndinagula felemu ya galasi, ndinachipachika moyang'anana ndi khomo. M'mawa uliwonse ndikamatulutsa njinga ndinkaima pamenepo n'kumuuza zonse. Za malaini, za sukulu, za amayi kuthyola tiyi mvula ikuwakunthira pamsana. Iye ankangondiyang'ana molusa, ine n'kumamuyang'ananso molusa. Tinkagwirizana. Sindibisa, miyezi imeneyo ndinkagona bwino.

Amene anaononga zonse ndi alamu anga, achimwene awo a akazi anga. Amakhala kufupi ndi Milonde. Anabwera kudzationa chimanga chitacha, analowa, anakhala pampando, n'kuyang'ana kukhoma nthawi yaitali.

"Alamu, mwayamba bizinesi ya mbuzi?"

"Mbuzi zanji?"

"Nanga awa mwawapachikiranji?"

"Amenewo ndi bambo anga. Anamwalira."

"Amwalira liti? Ine msika wathawu ndawaona akukokana ndi munthu pa mbuzi yotsimphina."

Akazi anga anatuluka kupita kukhitchini ndipo sanabwerenso mpaka alendo atatsanzika.

Tsiku la msika ndinamanga felemu ija pakaliyala ndi malegeni, n'kupalasa mpaka ku Milonde. Ndinayamba kumbali yogulitsira ziweto. Analipo. Wamoyo, wathanzi, makutu ali tambalale, akutsegula mbuzi kukamwa kuonetsa kasitomala mano. Ndinaima patali n'kumuyang'ana munthu amene ndakhala ndikumutukwana m'mawa uliwonse. Kenako ndinalunjika ku situdiyo.

Ndinalowa osaodira, felemu ndinaimenyetsa patebulo.

"Madala, inu mumasewera ndi anthu eti? Kumbuyo kwake kuli kuti?"

Madala anali pakona pampando wawo. Pa kompyuta panali mwana wawo uja, mayi wamng'ono thupi, khanda lili kumsana. Sanadzidzimuke n'komwe.

"Amalume, khalani pansi. Mukandidzutsira mwanayu mumubereka ndinu."

Ndinakhala. Ndinafotokoza zonse, mokweza, kuyambira kwa azakhali mpaka ku mbuzi yotsimphina. Pofika pa makutu mayi uja anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Atatha anafunsa bambo ake kuti anandiikira bwanji zithunzizo. Atamva anapukusa mutu.

"Ababa, ndinakuuzani kuti fulashi sitenga zakumbuyo."

"Unandiuza liti?"

"Kangapo."

"Ndiye unandiuza ndili ndi kasitomala."

Ine ndinati zokangana zawo akachitire kunyumba, ine ndikufuna kuona kumbuyoko ngati kulikodi. Mayi uja anayang'ana nambala ya chithunzi cha wambuzi pa fulashi yanga, n'kuchipeza mu kompyuta yake. Anadina penapake, pambali pa chithunzi panatuluka mizere ya malembo. Ine kuwerenga ndimawerenga, koma ndi chala. Ndinaika chala pa sikirini. Dzina la munthu. Mudzi wake. Ntchito ya chithunzi, chiphaso. Ndi mzere wina wakuti wompatsira, pamenepo panalembedwa kuti mwini wake, wa mbuzi.

Kenako anatsegula chithunzi chomwecho pa fulashi yanga n'kudina pomwepo. Mbee. Palibe kanthu.

Apa ndiye mkwiyo unayamba kundithawa, chifukwa mutu unagwidwa ndi china. Nkhope ndi yomweyo, jekete ndi lomwelo, nambala ndi yomweyo. Malembo apita kuti?

"Sanapite kulikonse," anatero. "Sanachoke n'komwe. Malembowa sali m'kati mwa chithunzi. Kompyutayi imalola kuti pa chinthu chilichonse chimene yasunga umangirirepo timawu pambali. Imatisunga yokha, moyandikana ndi chinthucho. Fulashi yanuyi kasungidwe kake ndi kena, ilibe pomangirira. Ndiye imalandira chithunzi, timawu tija n'kutsala."

"Osanena n'komwe kuti ndasiya katundu?"

"Nthawi zina imanena. Ababa amangodina kuti eya pa chilichonse."

Ndinaganiza za ntchito yanga. Pa Muloza amayi akatipatsa matumba a nandolo kuti tiwolotse, aliyense amamanga kansalu kake pakhosi pa thumba, wina kofiira wina kachitenje. Thumba likang'ambika panjira n'kukhuthulira nandoloyo m'thumba lina, nandolo ndi yemweyo koma kansalu katsala pa thumba lakale. Ukafika uko ndi ndewu. Ndinamufunsa ngati zili choncho.

"Pafupifupi," anatero. "Kungoti kuno thumba lakale silinang'ambike. Lili pompano ndi kansalu kake."

"Nanga bwanji osangolemba pachithunzi penipenipo, kuti zisamasiyane?"

"Mukufuna chiphaso chokhala ndi dzina la mudzi pamphumi?"

"Nanga bwanji osachitcha chithunzicho dzina la munthu m'malo mwa nambala?"

"Amalume, pamsika pano anthu a dzina lofanana ndi lanu alipo angati? Nambala sibwereza. Tiyeni, dzina la bambo anu."

Ndinamuuza. Analilemba, kompyuta inayamba kuyenda m'zithunzi zonse kuwerenga kumbuyo kwa chilichonse. Inatulutsa anthu awiri, wina mnyamata wa sukulu, wina madala amene ndimawadziwa, amakonza mawailesi ndipo ali moyo. Anayesa dzina loyamba lokha, anayesa lachiwiri lokha. Palibe.

"Anali a kutsidya kwa malire?"

"Eya."

"Ndiye vuto ndi limenelo. Ambiri a kutsidya ali ndi mayina awiri. La ku esiteti, limene analembetsa kwa kapitawo, ndi la kwawo la pa bilyeti. Ngati ankafuna chithunzi cha bilyeti, anatchula la kwawo. Mukulidziwa?"

Sindinkalidziwa. Zaka zonsezi ndinkatukwana dzina la kwa kapitawo. Ndinayang'ana jekete pamsomali paja, ndinaona kuti basi, zathera pano, nditenge wambuzi wanga ndizipita. Ndinayamba kudzuka.

"Mukupita kuti? Dzina ndi khomo limodzi chabe."

Anabwerera poyambira n'kundionetsa mmene anakonzera nyumba yake yonse. Mbali imodzi kuli mafoda a zaka, m'kati mwa chaka muli mafoda a masiku a msika, ndipo zithunzi zimakhala mmenemo. Mbali ina kuli mafoda ena. Ina ya midzi, ukaitsegula mudzi uliwonse uli ndi foda yake. Ina ya ntchito ya chithunzi, ziphaso pazokha, maukwati paokha. Anatsegula foda ya mudzi wa wambuzi, wambuzi anali momwemo. Anatsegula ya ziphaso, analinso momwemo.

"Ndiye munthu mmodzi mwamusunga katatu? Kompyutayo sidzaza?"

"Ali kamodzi kokha, ku tsiku lake la msika. Izi zinazi ndi zala. Chala chimangoloza kuti munthu wanu ali uko. Mukachidina chimakutengerani komweko."

"Mukafufuta chala?"

"Munthu amatsala."

"Mukafufuta munthu?"

"Chala chimatsala chikuloza pabwalo popanda kanthu. Ndiye ndimayenera kuchisesa."

"Zalazo amaika ndani? Inu, chimodzichimodzi?"

"Poyamba ndinkatero, ndinatsala pang'ono kupenga. Pano ndinailembera kompyutayi malangizo. Msika ukatha ndimaiuza, imawerenga kumbuyo kwa zithunzi zatsopano, n'kuika zala m'mafoda oyenera. Ikaona mudzi umene ulibe foda, imapanga."

Ndinamuuza kuti ayesere ndione, chifukwa ine zongouzidwa ndinasiya kukhulupirira tsiku lomwelo. Anatenga chithunzi cha mphaka wawo, n'kulemba kumbuyo kuti mudzi wake ndi Chambe. Anadina. Mu foda ya midzi munabadwa foda ya Chambe, m'kati muli mphaka. Ndinamuuza achitenso. Anasintha mudzi, mphaka anasamuka. Ndikanatha kukhala pamenepo tsiku lonse kusamutsa mphaka, koma mwana kumsana anayamba kudandaula.

"Tiyeni ku nkhani yanu. Foda ya a kutsidya ndi yaikulu, ya ziphaso ndi yaikulu, muyambanso za makutu. Bambo anuwo anabwera ndi ndani?"

Apa madala anadzuka pakona paja, poti tsopano nkhani inafika pa luso lawo. Anati kuyambira kale iwo sajambula mlendo osamufunsa kuti pamsika pano akudziwana ndi ndani. Magetsi kuno amazima, chithunzi chimatuluka msika wotsatira, ndipo munthu wochokera kutali sabweranso. Ndiye amafuna munthu wa pamsika pomwepo, wa benchi yake, woti akamupatsire. Ameneyo ndiye wompatsira. Kale ankalemba ndi pensulo kumbuyo, ndipo mwana wawo atabweretsa kompyuta anamuuza kuti mizere ina yonse angathe kuisiya koma umenewo ayi.

"Ndinkati n'zachikale," anatero mwana wawo. "Pano foda imeneyo ndi imene ndimatsegula kwambiri."

"Anabwera ndi azakhali anga," ndinatero. "Ankagulitsa nsomba."

"A mu shedi yatsopano? A mawu aja?" anafunsa madala. "Aja ankati ndikajambula ndimawadetsa?"

"Omwewo."

Mayi uja anatsegula foda ya owapatsira, anatsika, anapeza dzina la azakhali. Munali zala zochepa. Azakhali atavala yunifolomu ya mvano. Azakhali ndi zidzukulu. Ukwati wa mwana wawo. Kenako ine, ndili ndi tsitsi lonse, ndavala jekete lakuda. Ndinali nditaiwala kuti nanenso tsiku lija ndinatchula azakhali, chifukwa ndinkakwera phiri chithunzi chisanatuluke. Ndipo pambali pa ine panali mwamuna mmodzi amene sindinkamudziwa dzina.

Koma nkhope ndinaizindikira. Anali uja akazi anga anati ngati wathawa kuchipatala.

Kamunthu kakang'ono, kowonda, jekete likulendewera ngati lapachikidwa pampando. Timakutu tating'ono tomatirira kumutu. Diso limodzi lotsika pang'ono. Sankaoneka wolusa, sankaoneka wachisoni, ankangooneka ngati munthu amene wauzidwa kuti asaphethire.

"Tembenuzani," ndinatero. Ulendo uno palibe anaseka.

Ndinaika chala pa sikirini. Dzina lachilendo, lachipwitikizi kutsogolo, koma la kumapeto linali la agogo, limene azakhali ankalumbirira akapsa mtima. Mudzi, kutsidya. Ntchito, bilyeti. Wompatsira, mayi a nsomba, mchemwali wake.

Azakhali analibe mchimwene wina. Ndinawerenga kachiwiri.

"Palibe china?"

"China ngati chiyani, amalume?"

"Kaya. Chimene ananena."

"Mizere ndi yomweyi."

Ndinatembenukira kwa madala. "Inu simukukumbuka? Sanatchule kuti ali ndi mwana kuno?"

Madala anabwera pafupi, anaika nkhope pa sikirini nthawi yaitali. Ndinaona kuti akufuna kundipezera kanthu. Kenako anawongoka.

"Ndikanama, achimwene. Ndajambula anthu ambiri. Jekete lokha ndiye ndikulidziwa."

Ndinawathokoza mumtima chifukwa chosanama, ngakhale pakamwa ndinangoti hm. Ndinayang'ananso anthu awiri aja pa sikirini, wina jekete likumukwana, wina likumumiza. Makutu anga mpaka lero sindidziwa kuti ndinawatenga kuti.

Kenako ndinafunsa chimene chinkandizungulira m'mutu kuyambira pa mphaka paja.

"Kumbuyoku mungawonjezere?"

"Ndingathe."

"Chithunzi osaonongeka?"

"Sichikhudzidwa n'komwe."

"Ndiye lembani dzina lina lija, la kwa kapitawo. Wina akadzabwera nalo asadzapachike wambuzi."

Analemba. Anasaka dzinalo kuti ndione, ulendo uno anatuluka atatu, mnyamata wa sukulu, wa mawailesi, ndi bambo.

"China? Ndilembe kuti anathawa ana?" Anafunsa akundiyang'ana m'mbali, sindinadziwe ngati akundiseka.

Ndinaganiza ndithu. Mawu ndinali nawo ambiri, ndakhala ndikuwakonza kuyambira ndili mwana. Koma mizere ija ndi yopezera munthu, ndipo palibe amene angabwere kudzasaka ndi mawu amenewo.

"Ayi. Koma mzere wa wompatsirawo. Azakhali anamwalira."

Madala anagwedeza mutu. Anati wompatsira akamwalira pamafunika wina, apo ayi chithunzi chimakhala chamasiye. Anati n'kutheka kuti kutsidyako anasiya ana ena, ndipo tsiku lina mmodzi adzabwera ngati mmene ndabwerera ine, atanyamula dzina la pa bilyeti.

"Ndiye tikamutumize kwa ndani?" anafunsa mwana wawo, zala zili pa makiyi.

Ine za abale a kutsidya ndinali ndisanaganizepo. Zinandikwiyitsa pomwepo, kuti mwina kuli anthu amene kamunthu aka kanawalera mpaka kukula, kuwagulira mayunifolomu. Koma ndinafunanso kudziwa ngati ali ndi makutu.

"Lembani ine. Wa njinga, pa Muloza. Akafunsa wamakutu aliyense amulozera."

Sanafufute azakhali, anangowonjezera ine pansi pawo. Anadina, ndipo mu foda ya owapatsira munabadwa foda ya dzina langa. Anaitsegula. Munali chala chimodzi, chikuloza bambo.

Chithunzicho ananditsukira pomwepo magetsi asanazime. Ndinabwereka cholembera, ndinachitembenuza patebulo, ndinalemba ndekha kumbuyo mayina onse awiri. Zinanditengera nthawi, mwana anadzuka n'kuyamwa n'kugonanso ine ndikulembabe. Fulashi ija ndinawapatsa madala kuti aziikamo nyimbo.

Wambuzi ndinamuchotsa mu felemu n'kupita naye kwa mwini wake. Ndinamupeza akumanga mbuzi zotsala. Ndinamupatsa chithunzi, anachiyang'ana, anandiyang'ana ine, anayang'ana makutu anga.

"Ichi mwachitenga kuti, achimwene?"

Ndinamuuza zonse, sindinabise ngakhale za kutukwana kwa m'mawa.

"M'mawa uliwonse?"

"Uliwonse."

"N'chifukwa chake chaka chino mbuzi zikungondifera." Anachiyang'ananso. "Koma ndinatuluka bwino. Felemu ili kuti?"

"Felemu ndi ya bambo anga."

"Ndiye ine ndakhala bambo ako dzinja lonse, osandigulira ngakhale thobwa?"

Ndinamugulira thobwa. Mpaka pano ndikadutsa kumbali ya ziweto amakuwa kuti mwana wanga, bwera udzagwire chingwe, anthu n'kumaseka. Tsiku lina ndidzamumenya.

Bambo enieni ali pakhoma tsopano, pa msomali womwe uja. Akazi anga atawaona anati iwo anaona kale kuti chibwano chikufanana, ndinawauza kuti asayambe. M'mawa woyamba ndinaima pamenepo ndi njinga, ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe za malaini. Sizinatuluke bwino. Wambuzi ankabweza ndi maso, ukamutukwana unkamva kuti wafika. Awa amangoyang'ana, diso limodzi lotsika, mapewa atasowa mu jekete la eni. Ndimayamba, n'kupezeka kuti ndasiya, ndikungoyang'ana kuti kodi munthu wochepa chonchi ankadulira bwanji tiyi tsiku lonse, ndipo dzina lachipwitikizilo ankamuitana nalo ndani.

Mkwiyo sunathe, asakunamizeni. Ndimautengera ku Muloza, kumeneko osowa ulemu ndi ambiri. Ndipo ndikapita ku Milonde tsiku la msika ndimasuzumira mu situdiyo muja kufunsa ngati wabwera wina wa kutsidya kudzasaka dzina lija. Mayi uja amapukusa mutu asanandiyang'ane n'komwe. Mwana wake pano akuyenda, amakoka jekete pamsomali.